Mmene mungasankhire yunivesite ndi njira yofikira pa ntchito yopanga magemu muli ku Mzuzu

Mwana wa mlongo wanga, amene amakhala ku Chibavi, atalandira zotsatira za mayeso a MSCE anauza mayi ake kuti akufuna kukaphunzira kupanga magemu. Mayi akewo anandiimbira foni usiku womwewo. "Achimwene," anatero, "ndiye ine ndizikhalira kugulitsa nthochi mumsika zaka zinayi zathunthu kuti mwanayu akaphunzire kuseweretsa foni?" Funso limeneli silinali lachibwana, ndipo wachinyamata aliyense wa kuno amene ali ndi maganizo ngati a mphwangayo ayenera kutha kuliyankha asanalembe fomu ya yunivesite iliyonse. Yankho limene ndinapereka ndi limene ndalitambasula m'malangizo ano: musasakesake digiri yokhala ndi mawu akuti gemu pa satifiketi, koma sankhani maphunziro ozama a kompyuta amene angakudyetseni ngakhale kuno kwathu, ndipo muyambe kupanga magemu ang'onoang'ono ndi kuwamaliza kuyambira chaka choyamba.

Gawo loyamba: dziwani ntchito yeniyeni imene mukuifuna

Kukonda kusewera mpira wa pa PlayStation m'tinyumba ta magemu ta ku Chiputula kapena ku Mchengautuwa si umboni wakuti mudzakonda kupanga magemu, monganso kukonda nsima si umboni wakuti mudzakonda khasu. Gemu imapangidwa ndi anthu a maluso osiyanasiyana. Pali wolemba mapulogalamu, amene amaonetsetsa kuti munthu akadina batani, chithunzi cha pa sikirini chidumphe pa nthawi yake ndi kutera pamalo pake. Pali wojambula, amene amapanga anthu, mitengo, nyumba ndi mayendedwe a zonsezi. Pali wokonza malamulo a gemu, amene pa Chingerezi amatchedwa game designer, ndipo ntchito yake ndi kuganizira chimene wosewera akuyenera kuchita, chimene chimamuvuta, ndi chimene chimamukopa kuti abwerenso mawa. Palinso wa nyimbo ndi mamvekedwe, woyesa gemu kuti apeze zolakwika, ndi woyendetsa gulu lonse kuti ntchito ithe pa tsiku limene anapangana.

Njira yodziwira mbali yanu ndi yotsika mtengo. Tengani masabata awiri, mutsegule Scratch, pulogalamu yaulere ya ku yunivesite ya MIT ku America imene anaipangira ana ndi oyamba kumene, kapena GDevelop, ndipo mupange gemu ya munthu wa kabaza amene akuzemba maenje pamsewu. Ikatha, dzifunseni moona mtima kuti ndi pati pamene nthawi inatha osazindikira. Ngati munakhala mpaka pakati pa usiku mukufufuza chifukwa chimene njingayo ikudutsira m'dzenje osagwa, ndinu wolemba mapulogalamu. Ngati munataya masiku atatu pa mtundu wa malaya a wakabazayo, njira yanu ndi ya zojambula. Malangizo ano atsamira kwambiri pa wolemba mapulogalamu, chifukwa luso limeneli ndi limene lili ndi maphunziro okhazikika m'mayunivesite athu, komanso lili ndi msika wina kunja kwa magemu.

Gawo lachiwiri: masamu, fizikisi ndi Chingerezi

Amene mudakali ku sekondale muli ndi mwayi wokonza zinthu nthawi isanathe. Kuti munthu aganiziridwe ku yunivesite ya boma amayenera kukhala ndi makirediti 6 pa MSCE, kuphatikizapo ya Chingerezi, ndipo kirediti ndi giredi yochokera pa 1 kufika pa 6. Mapointi amawerengedwa kuchokera pa maphunziro 6 amene mwakhoza bwino kwambiri, ndipo akachepa ndi pamene mwayi umakula. Makosi a kompyuta amafuna masamu okhoza bwino, ndipo ambiri amayang'ananso fizikisi. Ngati sukulu yanu imaphunzitsa Computer Studies kapena Additional Mathematics, musazithawe.

Ophunzira ambiri amaona ngati masamu ndi chipata chongodutsapo, koma mu ntchito imeneyi masamuwo ndiwo khasu lenileni. Gemu yoyenda bwino imajambula chithunzi chatsopano ka 60 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti kompyuta ili ndi mamilisekondi osakwana 17 kuti iwerengere malo a chinthu chilichonse, ione zimene zagundana, ndi kujambula zonse. Nachi chitsanzo chimene woyamba aliyense amagwa nacho. Mwalemba kuti munthu wa m'gemu aziyenda sitepe imodzi kumanja mukadina batani lakumanja, ndi sitepe imodzi kumtunda mukadina lakumtunda. Mukadina onse awiri pamodzi, munthuyo amathamanga kwambiri kuposa mmene munafunira, pafupifupi ka 1.41, ndipo chifukwa chake ndi lamulo la Pythagoras lomwe lija munkaliloweza mu Fomu 2 mukuyasamula. Kuti mfuti iloze mdani pamafunika trigonometry, kuti kamera izungulire pamafunika mamatrix, ndipo kuti mpira ukwere ndi kutsika mooneka ngati weniweni pamafunika fizikisi ya liwiro ndi mphamvu yokokera pansi. Chingerezi nacho n'chofunika pa chifukwa chosavuta kumva: mabuku ofotokoza zipangizo zonse za ntchitoyi, mauthenga a zolakwika amene kompyuta imatulutsa, ndi makalata ofunsira ntchito, zonsezi mudzakumana nazo m'Chingerezi.

Gawo lachitatu: kusankha yunivesite m'dziko muno

Apa ndi pamene pamafunika kudekha, chifukwa chisankho chake chimadya zaka zinayi ndi ndalama za banja lonse. Kusankhidwa kupita ku mayunivesite a boma kumadzera ku bungwe la NCHE, limene limalengeza nthawi yofunsira malo ndi zofunika pa kosi iliyonse, ndipo wofunsira amandandalika makosi motsatira mmene akuwafunira. Mayina amene muyenera kuwayang'ana pa mndandandawo ndi computer science, ICT, information technology, information systems ndi ena ofanana nawo.

Pakhomo pomwe pano pali Mzuzu University (Mzuni) ku Luwinga, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1997 ndipo inayamba kuphunzitsa mu 1999, ndipo ili ndi digiri ya ICT. Ku Zomba kuli University of Malawi, yomwe makolo athu amaidziwa kuti Chancellor College, ndipo ili ndi digiri ya computer science. Ku Blantyre kuli MUBAS, imene inali Polytechnic mpaka pamene University of Malawi yakale inagawidwa mu 2021, ndipo kumeneko kuli maphunziro a information technology ndi information systems. Ku Thyolo kuli MUST, yomwe inatsegulidwa mu 2014, ndipo ili ndi makosi monga Computer Systems and Security ndi Business Information Technology. Mwa mayunivesite amene si a boma, wa kuno kumpoto amadziwa University of Livingstonia ya Sinodi ya Livingstonia, imene ili ndi masukulu ku Khondowe, ku Ekwendeni ndi ku Kaning'ina. Musanalipire tambala ku yunivesite iliyonse imene si ya boma, onetsetsani kuti sukuluyo komanso kosi imene mukuifunayo n'zovomerezeka ndi NCHE, pakuti sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa pamene kosi ina mkati mwake sinavomerezedwe.

Mayina a makosi amanyenga, choncho pemphani mndandanda wa maphunziro a chaka ndi chaka, ndipo muuwerenge ndi cholembera m'manja. Wofuna kupanga magemu ayang'ane zinthu izi: kulemba mapulogalamu kwa zaka zingapo osati teremu imodzi, makamaka m'zilankhulo monga C++, C# kapena Java, phunziro la data structures and algorithms, masamu a linear algebra ndi discrete mathematics, kapangidwe ka mapulogalamu akuluakulu, za manetiweki, ndipo ngati zilipo, computer graphics ndi artificial intelligence. Kosi imene yadzaza ndi za kayendetsedwe ka bizinesi ndi kagwiritsidwe ntchito ka mapulogalamu opangidwa kale si yoipa, koma ikukonzekeretsani ntchito ina. Mwa maganizo anga, pa makosi onsewa computer science ndiyo imayandikira kwambiri zimene wopanga magemu amafuna, koma wophunzira ICT wakhama amene amadziwonjezera yekha masamu ndi C++ amamupitirira wa computer science amene amangodikira mayeso.

Popeza Luwinga ndi pafupi, kwerani kabaza kapena takisi mupite mukadzionere nokha. Musakalankhule ndi a ku ofesi okha. Pezani wophunzira wa chaka chachitatu kapena chachinayi mumufunse kuti chipinda cha makompyuta chimatsegulidwa mpaka nthawi yanji, ngati intaneti ya pasukulu imafika kumalo ogona, ngati aphunzitsi amalola wophunzira kusankha yekha mutu wa pulojekiti ya chaka chomaliza, ndiponso kumene anzake anapita kukaphunzira ntchito. Funso la pulojekitilo ndi lofunika kuposa mmene likuonekera, chifukwa pulojekiti ya chaka chomaliza ndi miyezi ingapo imene mungapange gemu yaikulu sukulu ikukuwerengerani malikisi.

Nkhani ya ndalama iyenera kukambidwa pabanja poyera. Amene kwawo ndi ku Katoto, ku Zolozolo kapena ku Area 1B akasankhidwa ku Mzuni angathe kugona kunyumba, ndipo ndalama imene ikanapita ku lendi, chakudya ndi basi ya ku Zomba ingagule laputopu. Kwa wopanga magemu, laputopu yakeyake ndi yamtengo wapatali kuposa dzina la yunivesite. Bungwe la HESLGB limapereka ngongole kwa ophunzira osowa, koma imeneyo ndi ngongole yobweza mukamaliza maphunziro, ndipo fomu yake ili ndi nthawi yake yotsekera imene simuyenera kuiphonya.

Amene simunasankhidwe musaone ngati chitseko chatsekeka. Mungathe kulembanso mayeso kuti muchepetse mapointi, kapena kuyamba ndi satifiketi ndi dipuloma ya kompyuta ku koleji ya ntchito zamanja monga Mzuzu Technical College, kenako n'kudzalowa yunivesite mutagwirako ntchito. Njira imeneyi ndi yotalika koma imafika.

Gawo lachinayi: za kukaphunzira kunja

Madigiri a magemu enieni aliko. Abertay University ya ku Dundee, m'dziko la Scotland, inayamba kuphunzitsa digiri ya magemu a pakompyuta mu 1997, DigiPen ya ku Redmond ku America ndi sukulu yodziwika pa ntchito imeneyi, ndipo kufupi kuno University of the Witwatersrand ya ku Johannesburg imaphunzitsa game design. Vuto lake ndi mtengo, pakuti fizi zake ndi za mapaundi, madola ndi marandi, ndipo aliyense akukumbukira kuti mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Banja limene lagulitsa munda kuti mwana ayambe chaka choyamba kunja likhoza kulephera chaka chachiwiri, mwanayo n'kubwera wopanda pepala lililonse.

Chanzeru ndi kumaliza digiri yoyamba kuno, kukhoza bwino, n'kudzafunsira thandizo la maphunziro a digiri yachiwiri. Chevening ndi Commonwealth zimatumiza anthu ku Britain, ndipo Chevening imafuna kuti munthu akhale atagwirako ntchito zaka ziwiri. Beit Trust imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Mastercard Foundation nayo imalipirira ophunzira a mu Africa m'mayunivesite angapo, kuphatikizapo Carnegie Mellon University Africa ya ku Kigali. Onsewa amayang'ana magiredi a digiri yoyamba, choncho amene amathawa makalasi ponena kuti akupanga gemu akudzitsekera yekha khomo limeneli.

Gawo lachisanu: zipangizo, magetsi ndi intaneti

Magemu ambiri masiku ano amapangidwa ndi pulogalamu yotchedwa injini, imene imasenza ntchito yolemetsa yojambula, yowerengera kugundana kwa zinthu ndi yotulutsa mawu. Zodziwika kwambiri ndi zitatu. Unity imagwiritsa ntchito chilankhulo cha C#, ndi yotchuka pa magemu a pafoni, ndipo ndi yaulere kwa oyamba. Unreal Engine ya kampani ya Epic Games imagwiritsa ntchito C++, imatulutsa zithunzi zokongola zedi, ndipo eni ake amatenga 5 peresenti gemu yanu ikapeza ndalama zopitirira madola 1 miliyoni, koma imafuna kompyuta yamphamvu ndi magigabayiti ochuluka pongoitsitsa. Godot, imene anaiyamba Juan Linietsky ndi Ariel Manzur a ku Argentina n'kuitsegulira aliyense mu 2014, ndi yaulere kotheratu, ndi yaing'ono potsitsa, ndipo imayenda pa laputopu yakale.

Kwa munthu wa ku Mzuzu amene amagula bandulo ndi ndalama ya m'thumba, ine ndimalangiza kuyamba ndi Godot, n'kudzaphunzira Unity m'chaka chachiwiri kapena chachitatu chifukwa makampani ambiri amaitchula polemba anthu ntchito. Pali phunziro lina pa nkhani ya injini. Mu September 2023 kampani ya Unity inalengeza kuti iyamba kulipiritsa opanga magemu potengera kuchuluka kwa anthu oika gemu pa zipangizo zawo, opanga magemu padziko lonse anakwiya, ndipo patatha chaka kampaniyo inathetsa ganizolo. Amene ankadziwa mabatani a Unity okha anagwidwa njakata, pamene amene ankamvetsa masamu ndi kalembedwe ka mapulogalamu anasamukira ku injini ina mosavuta. N'chifukwa chake ndikuumirira pa digiri yozama.

Pa zojambula pali Blender ya zinthu za 3D ndi Krita yojambulira, ndipo pa mawu pali Audacity. Zonsezi n'zaulere, kotero palibe chifukwa choikira mapulogalamu akuba amene amabwera ndi mavairasi. Laputopu ikhale ndi RAM yosachepera 8 GB ndi diski ya mtundu wa SSD. Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, itsegulitseni pomwepo, muchotse chaja, ndipo muone ndi maso anu kuti batire ikukhala nthawi yaitali bwanji, chifukwa magetsi akazima batire imeneyo ndiyo ofesi yanu. Mafayilo akuluakulu ndi mavidiyo a maphunziro muzitsitsa pamene pali intaneti ya sukulu kapena pa bandulo ya usiku, n'kumagawana ndi anzanu pa fulashi.

Phunzirani Git, pulogalamu yosunga kusintha kulikonse kumene mwapanga pa mafayilo anu, sabata yoyamba yomwe, ndipo muzisunga ntchito yanu pa tsamba la pa intaneti la GitHub. Ine ndinaphunzira zimenezi ndi misozi. Ndinali ndi pulojekiti ya miyezi inayi pa laputopu ndi kope lake limodzi pa fulashi. Tsiku lina kunja kukuwaza mvula yamawawa ya kuno ija, ndinapita kukasindikiza mapepala pa kashopu kena m'tauni, fulashiyo inatenga vairasi ndipo mafoda onse anasanduka njira zachidule zosatseguka. Ndinadzilimbitsa mtima kuti kunyumba kuli kope lina, koma sabata yomweyo magetsi anabwera mwamphamvu usiku laputopu ili pa chaja, ndipo m'mawa sinayakenso. Git ikanasunga kusintha kulikonse kumene ndinapanga, ndipo kutumiza mafayilo a code, kutanthauza malangizo olembedwa a pulogalamu, pa intaneti kumadya bandulo yochepa kuposa kuonera vidiyo imodzi.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: pangani magemu aang'ono, ndipo muziwamaliza

Cholakwa chachikulu cha oyamba ndi kufuna kupanga gemu ya mzinda wonse, ya magalimoto, mfuti ndi osewera ambirimbiri pa intaneti, kuiwala kuti magemu otero amapangidwa ndi anthu mazanamazana kwa zaka zingapo. Zotsatira zake ndi foda yodzaza ndi zinthu zoyambidwa zosatha. Olemba anthu ntchito amalemekeza gemu yaing'ono yomalizidwa, yokhala ndi poyambira, pothera, mawu ndi batani lotulukira, kuposa maloto aakulu amene sangathe kuwasewera. Eric Barone, amene anapanga yekha Stardew Valley n'kuitulutsa mu 2016, anali ndi digiri ya computer science, ndipo gemuyo inamutengera zaka zoposa zinayi akugwira ganyu yolondolera anthu pokhala m'nyumba ya zisudzo. Nkhani yake ndi yolimbikitsa, koma muionenso mbali ya zaka zinayizo.

Gemu imene ndinauza mphwanga kuti ayambe nayo ndi bawo, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Thabwa la bawo lili ndi mizere 4 ya maenje 8, onse pamodzi maenje 32, ndi nkhomo 64. Kwa wolemba mapulogalamu, limeneli ndi tebulo la manambala chabe, losafuna wojambula waluso kapena kompyuta yamphamvu. Komabe malamulo ake ndi ozama mokwanira kukuphunzitsani pafupifupi zonse za chaka choyamba ndi chachiwiri. Muyenera kulemba mmene nkhomo zimagawidwira dzenje ndi dzenje, pamene munthu wadya, pamene akungotakata, ndi malamulo apadera a nyumba. Mudzazindikira msanga kuti simukuwadziwa malamulowo mmene mumaganizira. Mphwangayo anapita kwa madala ena amene amasewera pansi pa mtengo pafupi ndi depoti, atanyamula kope, ndipo anabwerako atasokonezeka. "Amalume," anandiuza, "agogo aja atsutsana okhaokha pa za nyumba mpaka masewera anaima." Ndinamuuza kuti wayamba ntchito ya game designer, pakuti tsopano ayenera kusankha malamulo amodzi, kuwalemba momveka, kapena kulola wosewera kusankha mtundu wa bawo umene amaudziwa.

Pali msampha winanso umene bawo lidzakutcherani. Chifukwa chakuti nkhomo yomaliza ikagwera m'dzenje lokhala ndi zina mumanyamula zonse n'kupitiriza, pali kakhalidwe kena ka nkhomo pa thabwa kamene kuyenda kumodzi sikutha, kumangozungulira. Munthu pa thabwa lenileni amatopa n'kuseka, koma pulogalamu imangouma osayankha. Kupeza vuto limeneli ndi kulitchinga ndi phunziro limene simudzaliiwala. M'chaka chachiwiri, mutaphunzira ma algorithm, omwe ndi ndondomeko zothetsera mavuto pa kompyuta, lembani mdani wa kompyuta pogwiritsa ntchito njira ya minimax, imene imayesa mayendedwe angapo a kutsogolo n'kusankha amene akupindulitsa ngakhale mdani atayankha mwanzeru. M'chaka chachitatu, mutaphunzira za manetiweki, chititsani kuti mafoni awiri azisewera limodzi. Pofika chaka chachinayi muli ndi pulojekiti yomaliza imene aphunzitsi sangaikane, komanso chinthu chimene wopanga magemu wa ku London kapena ku Tokyo alibe.

Pambali pa bawo pangani tina ting'onoting'ono ta sabata imodzi kapena mwezi umodzi: phada, fulaye, lole yotsika ndi matabwa kuchokera ku Chikangawa mu nkhungu, kapena bwato la usipa pa Nkhata Bay. Ikani mawu a Chichewa ndi Chitumbuka pambali pa Chingerezi, chifukwa kukonza gemu kuti isinthe chilankhulo ndi luso limene makampani amalifuna. Yesani gemu iliyonse pa foni yotsika mtengo ya Android, ya mtundu umene anthu ambiri ali nawo kuno, osati pa laputopu yanu yokha. Mupatseni mng'ono wanu foniyo osamufotokozera kanthu, mukhale chete, muone pamene wakakamira. Pamene wakwinya nkhope ndi pamene pali ntchito yanu ya mawa. Nyimbo za oimba athu musaziike popanda chilolezo, pakuti zili ndi eni ake ndipo bungwe la COSOMA lilipo kuteteza ufulu umenewo. Ndi bwino kupeza mnzanu woimba akupangireni zanuzanu.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: gwirani ntchito ndi anzanu, ndipo tulutsani ntchito yanu poyera

M'makampani palibe amene amapanga gemu yekha, choncho zolowerani kugwira ntchito ndi wojambula ndi woimba mudakali pasukulu. Njira yabwino yophunzirira zimenezi ndi mipikisano yotchedwa game jam, pamene magulu amapatsidwa mutu n'kupanga gemu m'masiku ochepa. Global Game Jam, imene inayamba mu 2009, imachitika kumapeto kwa January kapena kumayambiriro kwa February chaka chilichonse ndipo nthawi yake yopangira gemu ndi maola 48. Ludum Dare ndi ina yakale, ndipo pa tsamba la itch.io pamakhala mipikisano yotere pafupifupi sabata iliyonse imene mungalowe muli ku Masasa. Ophunzira asanu okhala ndi malaputopu, chipinda chimodzi chobwereka ndi thumba la chimanga chokazinga akhoza kuchititsa wawo. Malo othandiza achinyamata pa zaukadaulo monga Mzuzu E-Hub kuno ndi mHub ku Lilongwe ndi oyenera kuwayendera kuti mudziwane ndi ena.

Kuika gemu pa itch.io n'kwaulere, ndipo ndi pamene muyenera kuyambira. Google Play imafuna madola 25 kamodzi kokha kuti mutsegule akaunti, Steam, sitolo ya magemu a pakompyuta, imafuna madola 100 pa gemu iliyonse, ndipo Apple imafuna madola 99 chaka chilichonse. Musanalipire kulikonse, fufuzani ku banki yanu ngati khadi yanu ingalipire m'madola, ndiponso werengani bwino njira imene sitoloyo imatumizira ndalama kwa wogulitsa wokhala ku Malawi, chifukwa kugulitsa gemu ndi kulandira ndalama yake m'manja ndi nkhani ziwiri zosiyana.

Gawo lomaliza: ntchito mukamaliza maphunziro

Walira mvula walira matope, ndipo matope a ntchito imeneyi muyenera kuwadziwiratu. M'zaka za 2023 ndi 2024 makampani a magemu padziko lonse anachotsa ntchito anthu oposa 10,000 chaka chilichonse. Mu January 2024 mokha, Microsoft inachotsa anthu 1,900 ku nthambi yake ya magemu ndipo Unity inachotsa pafupifupi 1,800. Amene akufuna malo oyambira akupikisana ndi anthu odziwa kale ntchito. Apa ndi pamene yankho la funso la mlongo wanga lija lagona: digiri ya kompyuta imakulowetsani ku banki, ku kampani ya mafoni, ku boma, kapena ku mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi amene amafuna olemba mapulogalamu. Landirani ntchito yoteroyo popanda manyazi, muphunzireko kugwira ntchito pa pulogalamu yaikulu ndi anthu ena, ndipo magemu muziwapanga madzulo ndi Loweruka. Mabungwe omwewo nthawi zina amafuna magemu ophunzitsira ana kuwerenga kapena ofalitsira uthenga wa zaumoyo, ndipo amene ali ndi gemu yoonetsa ndi amene amapatsidwa ntchitoyo.

Kunja kwa dziko lino, yambani kuyang'ana mu Africa momwe muno. Leti Arts inayambitsidwa mu 2009 ndi Eyram Tawia wa ku Ghana ndi Wesley Kirinya wa ku Kenya. Maliyo Games ya ku Lagos inayamba mu 2012 ndipo imapanga magemu a pafoni. Kiro'o Games ya Olivier Madiba ku Cameroon inatulutsa Aurion mu 2016. Ku Cape Town kuli Free Lives ndi Carry1st, ndipo Nyamakop ya ku Johannesburg, imene inatulutsa Semblance mu 2018, inachokera pa ntchito ya ophunzira a ku Witwatersrand. Tsatirani masamba awo, muwerenge zimene amafuna akamalengeza malo, ndipo muyerekeze ndi zimene mukudziwa. Ntchito zina za mtundu umenewu zimagwiridwa munthu ali kwawo, koma zimafuna intaneti yodalirika ndi magetsi osadukiza, choncho malipiro anu oyamba aganizireni pa sola ndi batire.

Pofunsira malo, konzani tsamba limodzi lokhala ndi magemu anu atatu abwino kwambiri, osati onse amene munayesapo. Pa gemu iliyonse ikani vidiyo ya masekondi 30 mpaka 60 yoonetsa masewero enieni, linki yoti munthu asewere pomwepo pa intaneti popanda kutsitsa kanthu, linki ya code yake pa GitHub, ndi ziganizo zitatu kapena zinayi zofotokoza mbali imene munagwira inuyo ndi vuto lovuta kwambiri limene munalithetsa. Ngati munapanga ndi anzanu, nenani zoona za gawo lanu, chifukwa pa mafunso adzakutsegulitsani code n'kukufunsani chifukwa chimene munalembera mzere wakutiwakuti. Mphwanga uja pakali pano walemba kale ziganizo zake za bawo, ndipo vuto limene watchula ndi la nkhomo zozungulira kosatha, limene linamuumitsira laputopu masiku atatu asanazindikire kuti cholakwa sichinali cha laputopuyo.